Track day yoyamba ndi Toyota 86: ndikonze chiyani ndisananyamuke ku Chipata?

Phiri wa 86: Muli bwanji nonse pagulu pano. Safunsa anadya phula, ndiye ndabwera ndi funso. Msuweni wanga wa ku Pretoria wandilembetsa track day ku Zwartkops, bwalo la mipikisano ya magalimoto la kumeneko, mwezi wamawa, m'gulu la oyamba kumene. Si mpikisano ayi, amangotsegula bwalo anthu n'kumazungulira ndi magalimoto awoawo. Galimoto ndi ija mumaiona pa Down Shops, Toyota 86 ya 2013, manual, yochokera ku Japan. Chiigulireni ndangosintha oyilo ndi batire basi. Kandalama kokonzera kalipo koma si kambiri. Ndiyambe ndi ekizozi kapena remap (kusintha pulogalamu ya kompyuta ya injini kuti iwonjeze mphamvu)?

Zulu wa Altezza: Zonse ziwiri achimwene! Komanso chotsani limiter ija ya 180 yomwe a ku Japan amaika kuti galimoto isapitirire liwiro limenelo. Mukachita manyazi, ma BMW akukudutsani inu mukungolira pa 180.

Mwale ku Centurion: A Zulu, Zwartkops ndi makilomita 2.4 okha, makona 8. Malo owongoka ndi aafupi. Ine sindinaonepo 86 yosasinthidwa ikufika 180 pamenepo, limiter sidzadziwa n'komwe kuti mwapita ku track. A Phiri, ekizozi iwalani kaye. Dikirani amdala Tembo abwere, ndi amene akuuzeni za mabuleki.

Amdala Tembo, makanika ku Kapata: Ndafika, ndinali pansi pa Canter. Mwana wanga Phiri, ndalama yako yoyamba ipite ku brake fluid, mafuta a mabuleki. Anthu amaseka ndikatero chifukwa ndi kabotolo kotchipa kuposa zonse zomwe mwatchula, koma ndi komwe kamathetsa tsiku la munthu msanga.

Mabuleki ntchito yake ndi kusandutsa liwiro kukhala kutentha. Liwiro likawirikiza kawiri kutentha kumawirikiza kanayi, ndiye kuima kuchokera pa 160 ndi moto wa maulendo anayi a kuima kuchokera pa 80. Mumsewu umaponda mwamphamvu kamodzi, mwina mbuzi yadumpha pa Mtenguleni, kenako mabuleki amazizira mpaka Katete. Pa track ukuponda choncho kangapo pa lap iliyonse (kuzungulira bwalo kamodzi), mphindi 15 kapena 20 osapuma. Moto umachoka pa disiki, kulowa m'mapadi, kufika mu caliper, mpaka ku fluid.

Tsono fluid amamwa chinyezi cha mumpweya chaka ndi chaka. Wa mtundu wa DOT 3 watsopano malire ake asanawire ndi madigiri 205, akamwa madzi amatsika kufika 140. DOT 4 ndi 230 watsopano, 155 wakale. Wa m'galimoto yako ndani akudziwa kuti anathiridwa liti? Wadutsa panyanja, wakhala padoko, waona mvula ya kuno kangapo. Akawira amapanga thovu mupaipi, ndipo thovu limafinyika. Ukaponda pedulo imangomira ngati waponda nsima, galimoto osaima.

Chotsa yense, osati kungowonjezera pamwamba. Thira DOT 4 wopirira moto, monga Motul RBF 600 yemwe watsopano amapitirira 300, kapena DOT 5.1 ngati ndi amene wapezeka. Koma chenjera m'shopu: DOT 5 wopanda kadontho 1 ndi wa silicone, sasakanizika ndi enawa, usamuthire.

Phiri wa 86: Zikomo amdala. Nanga mapadi? Alipowa akuoneka kuti akadali ndi nyama.

Amdala Tembo, makanika ku Kapata: "Akuoneka" ndi mawu a munthu amene sanamasule tayala. Masula uone padi lamkati, nthawi zambiri ndi limene limatha msanga. Ngati nyama yatsika kupitirira theka, sintha. Padi lopyapyala limadutsitsa moto mwachangu kupita ku fluid. Ndipo usagule aja a m'kabokosi kopanda dzina. Akatentha amaterera pa disiki, pedulo imakhala yolimba bwinobwino koma galimoto ikungopita. Usiyanitse ziwirizi: pedulo yofewa ndi fluid, pedulo yolimba koma osaima ndi mapadi. Zonse mankhwala ake ndi amodzi, chepetsa liwiro, zungulira pang'onopang'ono, tuluka.

Mapadi atsopano amafuna kuwazoloweza ndi disiki. Umaponda mwamphamvu kangapo motsatizana kuchoka pa 100 kufika pa 20 osaimiratu, kenako n'kuyenda osagwira buleki kuti azizire.

Zulu wa Altezza: Ndiye tiyeni Loweruka m'mawa tikayesere pa Great East Road. Kuchoka pa Msekera kulowera ku Katete msewu uli myaa. A Phiri aphunzire makona asanapite, ine ndikhala kutsogolo.

NaBanda wa pa Mwami: A Zulu, msewu umenewo mumayenda ana a sukulu, ngolo za ng'ombe, ndi anthu onyamula matumba a makala panjinga. Mlongo wanga amapalasa njinga mmenemo tsiku lililonse. Musalembenso zimenezo pano chonde.

Admin: Ndagwirizana ndi a NaBanda. Zothamangitsana pamsewu wa anthu pagulu pano ayi. Tipitirize.

Zulu wa Altezza: Chabwino, ndamva. Koma funso langa lenileni ndi ili: n'chifukwa chiyani munthu ayende mtunda wonsewo kukazungulira katala ka makilomita awiri? Zambia ndi dziko la rally. Satwant Singh anatenga chikho cha Africa ka 8. Leroy Gomes anatenganso mu 2022. Misewu yafumbi tili nayo yambirimbiri, bungwe la mipikisano ya magalimoto la ZMSA lilipo.

Mwale ku Centurion: Rally ndi masewera ena a Zulu. Imafuna roll cage (zitsulo za mkati zoteteza munthu galimoto ikagubuduka), mipando yake, malamba ake, laisensi ya mpikisano, mnzako wowerenga njira, ndi galimoto yomwe suidandaula ikaphwanyika pansi. 86 ya a Phiri ndi yotsika, ikhoza kusiya bampala pa mwala woyamba. Track day umalowa ndi galimoto yomwe umapita nayo kuntchito, aliyense akulowera mbali imodzi, ambulansi ili pompo, ndipo ukaphonya kona umagwera m'miyala yaing'onoing'ono kapena pa udzu, osati pa mtengo wa mango.

Chanda wa ku Kasama: Ine ndikungodabwa kuti a kum'mawa mwayamba ma track day. Mwatopa ndi njinga? A Phiri, mbewa za pa ulendo muziike m'thumba lomanga bwino, zisamagubuduke pansi pa pedulo 😂

NaBanda wa pa Mwami: Mbuya wafika. Inu mukanyamula anyani anu tidzakuuzani mapepala ake. Koma mwaseka zoona osadziwa, ku Botswana kuli mageti a zanyama, nyama yaiwisi amalanda. A Phiri mudutsa kuti?

Phiri wa 86: Ndimaganiza za Chirundu ndi Beitbridge, koma msuweni akuti Kazungula.

NaBanda wa pa Mwami: Ambiri akukonda Kazungula chitsegulireni mlatho mu 2021, chifukwa zonse mumathera m'nyumba imodzi. Ndiye ndi Lusaka, Livingstone, Kazungula, Nata, Francistown, Palapye, Martin's Drift, n'kukalowa N1 mpaka Pretoria. Ndi makilomita opitirira 2,000 kupita kokha. Pakati pa Kazungula ndi Nata musayende usiku, njovu zimaima pamsewu penipeni.

Mapepala: white book ya dzina lanu, Interpol clearance ya ku polisi, chilolezo cha ZRA chotulutsira galimoto kwa kanthawi, pasipoti ndi laisensi. Ngati galimoto ili pa ngongole, kalata ya banki. Clearance musaisiyire sabata yomaliza. Yellow Card, inshuwalansi ya maiko a m'bungwe la COMESA, ikanakuthandizani mukanadzera ku Zimbabwe, koma Botswana ndi South Africa sali mu COMESA. Ku Botswana mumalipira zamsewu ndi za ngozi pa boda pomwepo.

Ndipo funsani kampani yanu ya inshuwalansi zinthu ziwiri, ayankhe polemba: kodi mukatuluka m'dziko mukadali otetezedwa, nanga pa track? Lachiwirilo yankho limakhala ayi pafupifupi nthawi zonse, ngakhale muli ndi comprehensive.

Mwale ku Centurion: Apo a NaBanda akhudza pofunika. M'mawa musanalowe mumasaina pepala lovomera kuti chilichonse chikachitika ndi chanu. Wina akakugundani pa track aliyense amakonza yake, palibe zoitana apolisi kudzayeza. Inu galimoto yomweyo ndi imene ikubwezeni ku Chipata. Muziyendetsa mukukumbukira zimenezo.

Phiri wa 86: Apa mtima wagunda pang'ono. Nanga matayala? Kutsogolo kuli awiri omwe inabwera nawo, kumbuyo ndinaika a salaula chaka chatha. Mapanga ake akadali akuya.

Amdala Tembo, makanika ku Kapata: Kuya kwa mapanga si msinkhu wa tayala. Yang'ana m'mbali pomwe palembedwa DOT, kumapeto kuli manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. 2316 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2016. Labala ikakalamba imauma, sigwira tala, ndipo ikatentha imatha kusenda. Awo amene inabwera nawo ndikukayika ngati sanapitirire zaka 6. A salaula sudziwa kuti anagunda maenje angati. Pitisa dzanja m'mbali, mkati ndi kunja, ukapeza chotupa tayala limenelo latha ntchito.

Galimoto yako imakankha ndi kumbuyo. Kusakaniza mitundu ya matayala kutsogolo ndi kumbuyo kumaipatsa khalidwe lomwe ngakhale amene anaipanga salidziwa. Gula anayi ofanana, 215/45 R17 ngati mawilo ako ndi a 17, a kampani yodziwika. Ndalama ya ekizozi yathera pamenepo ndipo yagwira ntchito.

Zulu wa Altezza: Ndiye agule ma semi-slick, matayala a track aja a mapanga ochepa, kamodzi n'kamodzi.

Mwale ku Centurion: Ayi, osati tsiku loyamba. Tayala wamba limalira likayandikira malire ake, ndipo limataya tala pang'onopang'ono, munthu n'kumva m'chiuno kuti kumbuyo kwayamba kuchoka. Semi-slick imagwira mwakachetechete mpaka pa liwiro lalikulu, ikamasiya imasiya mwadzidzidzi. Komanso imawonjezera ntchito ku mabuleki ndi ku oyilo. Kumbukirani kuti Toyota inatulutsa 86 ndi Michelin Primacy, matayala omwe ankaikanso pa Prius, mwadala, kuti galimoto iphunzitse munthu pa liwiro lochepa.

Langizo langa, matayala ndi alignment mukachitire kuno. Mukayenda Manenekera, mahampu a m'matauni onse aja ndi maenje a m'njira, alignment ya ku Chipata idzakhala itapita. Fikani masiku awiri tsikulo lisanakwane.

Amdala Tembo, makanika ku Kapata: Pa alignment ndavomera. Koma matayala okalambawo asayende nawo makilomita 2,000 pa dzuwa la ku Botswana. Agule ku Lusaka popita. Fluid ndi mapadi tichitire kuno, ndione ndi maso anga ma bush, ma ball joint, ma bearing ndi mapaipi a madzi.

Za injini: ija ndi FA20 ya Subaru, boxer, masilinda ogona chammbali. Pa kona yaitali oyilo amathawira mbali imodzi, ndiye asakhale pansi pa mzere wa full ngakhale pang'ono. Thira watsopano wa synthetic usananyamuke, nyamula lita imodzi yapadera, uziyang'ana stick nthawi iliyonse ukatuluka. Ya 2013 ilibe geji ya kutentha kwa oyilo. Gula ka OBD, kachipangizo kowerenga kompyuta ya galimoto kolumikiza ku foni, ukaona oyilo akuyandikira madigiri 130 pumitsa galimoto. Oil cooler ndi nkhani ya mtsogolo ukadzaikonda ntchitoyi.

Mwale ku Centurion: Petulo kuno kumtunda amagulitsa 93 ndi 95, inu thirani 95. Lowani ndi thanki yodzaza. Ndi ya malita 50 koma pa track imamwa kuwirikiza kawiri kapena kupitirira, ndipo ikatsika kwambiri injini imatsamwa pa kona. Musadabwenso galimoto ikamveka yaulesi pang'ono, Pretoria ndi yokwera kuposa Chipata, mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu. Aliyense wopanda turbo zimamuchitikira chimodzimodzi.

Phiri wa 86: Helemeti ndibwereke kwa mnyamata wa honda wa pa Kapata?

NaBanda wa pa Mwami: Zija amamangirira pa chiwongolero m'malo movala? 😂

Mwale ku Centurion: Yang'anani chizindikiro cha ECE 22.05 kapena 22.06 pa lamba wake, kapena Snell mkati. Ikhale yokuthinani bwino, yosagwapo pansi. Funsani okonza tsikulo ngati amabwereketsa, ngati ayi ndili nayo yapadera, mundiuze saizi ya mutu. Valani thalauzi lalitali, malaya a manja aatali a thonje, nsapato zotseka zopyapyala pansi kuti muzimva mapedulo.

Ndikuuzeni mmene tsiku limayendera. Mumafika m'mawa, kulembetsa, kusaina, galimoto amaiyang'ana. Chotsani chilichonse chosamangidwa: mamati a pansi makamaka a mbali ya dalaivala, mabotolo, jeke, sipikala ya m'buti, zolendewera pa galasi. Mangirani tow hook (chitsulo chokokera galimoto) kutsogolo, ili m'buti pamodzi ndi zida. Kenako briefing. Musaiphonye, ndi pomwe amanena malamulo a kudutsana, liwiro la mu pit lane (kamsewu kolowera ndi kutulukira pa bwalo) ndi mbendera.

Mbendera muziloweze panopa. Yachikasu: kutsogolo kuli ngozi, chepetsani, osadutsa wina. Yofiira: zonse zaima, bwererani ku pit pang'onopang'ono. Yabuluu: wina wothamanga ali kumbuyo kwanu. Ya mizere yachikasu ndi yofiira: tala ikuterera, mwina oyilo. Yakuda akakulozerani: tulukani, akufuna kulankhula nanu. Ya mabokosi akuda ndi oyera: nthawi yatha. Lap yoyamba muzingoyang'ana pomwe anthu a mbendera aima.

Ndipo ngati pali mlangizi woti akhale nanu m'galimoto, lipirani. Pa ndalama zonse za tsikulo imeneyo ndi imene imabweza zambiri. Munthu amene wazungulira bwalo limenelo zaka amakuuzani "dikira, dikira, tsopano khota", ndipo mumapeza kuti mumakhota msanga pa kona iliyonse. Oyamba onse amatero. Ukakhota msanga, potuluka msewu umakuthera.

Zulu wa Altezza: Mlangizi wa chiyani munthu ali ndi laisensi zaka khumi? Ndipo traction control, kompyuta ija yoletsa matayala kuterera, azimitse, apo ayi galimoto imakhala ikumugwira miyendo.

Amdala Tembo, makanika ku Kapata: Iwe Zulu, laisensi ya RTSA imanena kuti umatha kupaka galimoto ndi kuima pa roboti. Phiri, batani limenelo usalikhudze m'mawa wonse. Kagetsi kakamaphethira ndiye kuti manja kapena phazi lako lachita zaukali, phunzirapo. Masana, mlangizi akavomera, dina VSC Sport, imalola kumbuyo kusuntha pang'ono koma ikadali maso. Kuzimitsiratu ndi za ulendo wina.

Mwale ku Centurion: Zoona. Kayendetsedwe kake mwachidule: mpando pafupi kuposa mmene mumakhalira mumsewu, dzanja likatambasuka mfundo yake igone pamwamba pa chiwongolero mapewa ali pampando, mwendo ukaponda klatchi mpaka pansi bondo likhale lopindikabe. Manja pa 9 ndi pa 3. Buleki pondani galimoto ikadali yowongoka, mutsirize kusintha giya, ndiye khotani. Maso aziyang'ana komwe mukufuna kupita, osati pa khoma la matayala lomwe mukuliopa. Pa Zwartkops kona yachiwiri ndi hairpin, kona yothina yobwerera komwe wachokera, ndi pomwe mudzamve ngati fluid wa amdala ndi wabwino.

Wina akakhala pa galasi lanu kwa makona awiri, ndi wothamanga kuposa inu ngakhale akhale pa Polo. Mpatseni mpata pamalo owongoka, inu musasinthe mzere mwadzidzidzi, nyamulani phazi pang'ono adutse. Galimoto ikazungulira, pondani klatchi ndi buleki pamodzi mpaka iime. Matayala awiri akagwera kunja musakoke chiwongolero kuti mubwerere msanga, pitani mowongoka liwiro lithe. Mukaima panja khalani m'galimoto lamba ali womanga mpaka a mbendera akuuzeni, pokhapokha ngati pali moto.

NaBanda wa pa Mwami: Akazi anu mwawauza zonsezi a Phiri, kapena akudziwa kuti mukupita kukaona msuweni?

Phiri wa 86: Asisi musandiyikire moto panyumba 😅 Akudziwa, ndipo akubwera nawo. Akuti akufuna akaone bwalo la Kyalami ngakhale kunja kokha.

Mwale ku Centurion: Ndi pafupi, ku Midrand. Ija ndi yaikulu, makilomita 4.5, F1 inathamanga komaliza mu 1993, anapambana Alain Prost. Koma poyambira Zwartkops ndi yabwino, makona ndi ochepa, mumawaloweza msanga.

Za mpweya wa m'matayala sitinanene. Buku limati 2.4 bar tayala lili lozizira. Pa track likatentha umakwera, mwina ndi 0.3 mpaka 0.5. Nyamulani geji yanu. Mukangotuluka yezani pomwepo, phungulani kuti akhale pafupi ndi 2.4 ali otentha. Madzulo akazizira adzakhala otsika, ndiye popani musanalowe mumsewu.

Amdala Tembo, makanika ku Kapata: Manati a mawilo 120 Nm, ndi torque wrench, osati kudumphira pa sipanala mmene amachitira anyamata a matayala. Uwayeze m'mawa ndi masana mawilo atazizira.

Ndipo ichi anthu amaiwala. Mbendera yomaliza ikatuluka, lap yotsatira yenda pang'onopang'ono osagwira buleki, mphepo iziziritse ma disiki. Ukafika poimika usakoke handibuleki, usasiyenso phazi pa buleki. Padi lotentha likakanikiza disiki pamalo amodzi limasiya chipsera, mawa lake chiwongolero chizinjenjemera ukaponda. Ima pamalo athyathyathya, tsekera tayala ndi kathabwa, tsegula boneti, injini ilire mphindi ziwiri, ndiye zimitsa n'kuisiya mu giya.

Chanda wa ku Kasama: Zoseka pambali, ine ndinkayendetsa ma truck a Joburg. Kutopa ndi kumene kumapha. Mukafika gonani tsiku lathunthu musanalowe pa track, ndipo mukamaliza musanyamuke usiku womwewo. Imwani madzi ambiri, m'helemeti mumatuluka thukuta osazindikira. Session yomaliza ya masana mukamva kuti mutu wayamba kuchedwa, isiyeni.

Zulu wa Altezza: Ndiye palibe remap, palibe ekizozi, palibe semi-slick, traction ili on. A Phiri akupita ku track kapena ku driving school? Osachepera muike foni iziwerenga nthawi ya lap tione manambala.

Mwale ku Centurion: Afunse kaye, masiku ena a oyamba salola zowerenga nthawi. Ngakhale atalola, foni ikhale m'thumba lotseka, aziona akatuluka. Kamera ngati ilipo ikhale yomangidwa ndi zitsulo, zomata pa galasi ena amakana. Inu a Zulu bwerani ndi Altezza ulendo wotsatira, ndikulipirirani mlangizi ndekha, tidzaone ngati simudzakhota msanga pa hairpin.

Zulu wa Altezza: Screenshot ndatenga. Musadzakane.

Phiri wa 86: Zikomo nonse. Amdala, fluid ndiitanitsa ku Lusaka pa basi, malita angati? Ndibweretse galimoto liti?

Amdala Tembo, makanika ku Kapata: Lita imodzi ikwana kutsuka mapaipi onse, onjezera kabotolo ka theka koyenda nako, kosatsegula. Itanitsanso mapadi a kutsogolo awiriawiri, ena ukanyamule, chifukwa ukhoza kuwamaliza tsiku limodzi ndipo kubwerera ndi kutali. Uwatumizire chassis number, ma 86 a ku Japan mabuleki ake amasiyana pakati pa G ndi GT. Bwera Lachiwiri m'mawa ndisanayambe ma minibus, ubwere ndi munthu wopopa pedulo, mnyamata wanga wapita kumudzi ku Chadiza.